Ndinalipira zokonzetsa CV ndi intavyu yoyeserera ndili ndi GPA yotsika, maganizo anga ndi awa

Mu Blantyre muno muli kaofesi kena kamene kamathandiza anthu a akaunti amene akusaka ntchito, amakukonzera CV ndi kalata yofunsira ntchito, amakuphunzitsako Excel ndi pulogalamu ya akaunti ya QuickBooks, kenako amakuchititsa intavyu yoyeserera. Dzina sinditchula chifukwa ndili ndi zodandaula zingapo ndipo sindikufuna kumuphera munthu geni yake, koma amene mumakhala m'magulupu a WhatsApp a ntchito za akaunti mitundu ya maofesi amenewa mukuidziwa, achuluka masiku ano. Ndikulembera makamaka anzanga amene tinatuluka ku koleji ndi pass yawamba, GPA yoti ukamaitchula umatsitsa mawu, transikiripti yodzadza ndi ma sapu. Inu a distinction ndi credit pitirirani zanu, makampani akuluakulu a oditi a Deloitte ndi EY akukudikirani kkkk.

Mitengo kaye. CV ndi kalata zokha anandiuza K25,000, pakeji yonse K120,000 ndipo amalola kulipira kawiri, pa Airtel Money kapena Mpamba, risiti amapereka ukaikumbutsa. Kwa munthu wosagwira ntchito ndi ndalama yambiri imeneyo, ine anandithandiza ndi achemwali anga ndipo anachita kundiuza kuti iyi ndi yomaliza, ukalephera apa ukagulitse kaunjika. Nde ndinatenga pakeji yonse.

Gawo la CV ndi lomwe linandikhumudwitsa. Amakonza ndi mnyamata wina wa pa desiki yakutsogolo, munthu wabwino ndithu waulemu, koma zikuoneka kuti ali ndi template imodzi yomwe amangosintha dzina. Patatha masiku angapo ananditumizira PDF ya mitundumitundu, chithunzi changa pakona, timizere tosonyeza kuti Excel ndimaidziwa kufika apa, teamwork kufika apo, inangooneka ngati khadi la ukwati. Mawu ake ndi omwe aja ali mu CV ya aliyense, hardworking, self-motivated, results oriented, zoti munthu wa HR amene wawerenga makalata mulu wonse m'mawa umenewo sangaimepo n'komwe. Choipa kwambiri n'choti za attachment yomwe ndinapanga chaka chachitatu anangolemba mzere umodzi, assisted in the finance department, basi, pomwe ndi chinthu chokhacho chimene ndinali nacho choonetsa kuti ndinagwirako pepala lenileni la mu ofesi. Ndikanakhala kuti ndinalipira CV yokha ija bwenzi pano ndikulemba zina, zaukali.

Zinthu zinasintha nditakumana ndi mayi amene ndi eni ake a malowo. Tonse timangowatchula kuti madam. Akuti anagwirapo ntchito zaka zambiri ku finance m'mabungwe ndipo zimamveka akamayankhula, sazungulira. CV yokongola ija anangoiyang'ana pang'ono n'kuiika pambali, akuti achimwene, ndipatseni transikiripti. Aaa ine mtima unagunda chifukwa pepala limenelo sindionetsa munthu wamba. Anaiwerenga mzere ndi mzere ali ndi cholembera m'manja, osaseka, osandimvera chisoni, kenako anandionetsa chinthu chomwe ine mwini wake sindinkachiwerengera, zoti zoipa zambiri zinaunjikana chaka choyamba ndi chachiwiri, masamu ndi economics, koma taxation ndi auditing za kumapeto ndinakhoza bwinoko ndithu. Akuti nde mukubisiranji zimenezi. CV anailembanso okha pamaso panga, masamba awiri, yakuda ndi yoyera, chithunzi anachotsa, GPA sanailembe chifukwa akuti ngati sanakufunseni musadzipereke nokha, koma anaika maphunziro omwe ndinakhoza bwino aja, ndipo mzere umodzi wa attachment uja unasanduka zinthu zogwirika, kulemba ma payment voucher, kusunga peti kashi, kufayila ma invoisi, kuthandiza kuwerenga stock kumapeto a mwezi. Zonsezo ndinapangadi, kungoti ndinkaona ngati ndi zazing'ono zosayenera kulemba.

Chimodzi anakanitsitsa ndi kunama. Mnzathu wina m'kalasimo anafunsa ngati angalembe credit poti anangoiphonya pang'ono, madam anamuuza kuti malo ambiri amafuna makope otsimikizidwa a setifiketi, ena mpaka transikiripti, ndipo ntchito ya akaunti munthu akakugwira bodza pa pepala lako lomwe sangakusiyire cheke buku. Nkhani inathera pomwepo.

Koma chimene ndikuona kuti chinabweza ndalama yanga ndi pamene anandifunsa kuti makalata anu mwakhala mukutumiza kuti. Ndinayamba kutchula, ma graduate trainee a m'mabanki, makampani akuluakulu a oditi, mabungwe akunja aja a malipiro a madola. Anapukusa mutu. Akuti kumeneko ofunsira amakhala ochuluka kwambiri moti njira yachidule yochepetsera mulu ndi kuyang'ana kalasi ya digiri, nde kalata yanu imagwa munthu asanawerenge n'komwe kuti mumatha chani, simukulephera intavyu inu, simukufikako kumene. Malangizo awo anali oti ndisiye kaye kugogoda pamenepo ndiyang'ane kumene abwana amafuna munthu woti Lolemba akhale pa mpando ayambe ntchito, accounts assistant, accounts clerk, cashier, ngakhale stores clerk, m'makampani ang'onoang'ono a ku Limbe ndi ku Kanengo, m'ma SACCO, m'masukulu a private, zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, ma esiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ntchito za sizoni nthawi ya msika wa fodya, mabungwe ang'onoang'ono a m'maboma kumene anyamata a mtauni amakana kupita, ndi timakampani ta oditi tating'ono tija ta anthu ochepa tomwe malipiro ake ndi omvetsa chisoni koma chaka chimodzi umaona mabuku a mabizinesi osiyanasiyana. Anatchulanso internship ya boma ija ya ma graduate, akuti ndalama yake ndi yochepa koma ukagwera ku akaunti ya ku khonsolo kapena ku unduna umatulukako utaona IFMIS, sisitimu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndi maso ako, zomwe wa distinction amene wangokhala pakhomo sanaione.

Ndisaname, zinandiwawa pang'ono. Zaka zinayi za digiri kenako munthu akukuuza kuti funsira u cashier. Koma ndi zoona zake, ndipo palibe wina anandiuzapo mosabisa chonchi, abale amangoti pemphera zitheka, anzako amangoti nkhani ndi konekishoni aise.

Makalasi a practical nawo ali ndi mbali ziwiri. Mbali ya Excel ndi ya misonkho ndi yabwino kwambiri. Samakupatsa manotsi, amakupatsa sitetimenti ya ku banki ndi kashibuku zosagwirizana n'kukuuza kuti peza pomwe pathawira ndalama, muli macheke oti sanatapidwe, ma bank charge oti sanalowetsedwe, ndi nambala ina yolembedwa motembenuza mwadala yoti ikuzunguze mutu. Bank reconciliation ku koleji tinaiphunzira inde koma ya pa mayeso imakhala yaukhondo, iyi inali yauve ngati mmene zimakhalira mu ofesi. Kenako VLOOKUP, pivot table, SUMIF, zinthu zoti pa CV tonse timalemba proficient koma akakupatsa laputopu thukuta kamukamu. Payroll tinapanga kuyambira pa gross mpaka pa net, kudula PAYE (msonkho wa pa malipiro), penshoni ija wantchito amadulidwa 5% abwana n'kuonjezera 10%, TEVET levy ya 1% yomwe amalipira abwana, ndipo madam amakakamira kwambiri masiku, PAYE ndi withholding tax zikhale zitapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, akuti munthu amene akudziwa madeti amenewa pamtima amamveka ngati wagwirapo kale ntchito ngakhale sanagwirepo. Anationetsanso mmene Msonkho Online imaonekera mkati, pomwe umalowetsa return, pomwe umatulutsa pepala lokalipirira. Ma rate a msonkho anatichenjeza kuti amasinthasintha ndi bajeti, nde usiku woti mawa intavyu uzionanso kaye zatsopano usakatchule za chaka chatha. Ine taxation ndinkaikonda kale nde apa ndinasangalala, mwina n'chifukwa chake ndikuyamikira kwambiri, mnzanga amene amadana ndi misonkho ankangoyasamula.

Mbali ya mapulogalamu a akaunti ndiye mmm. Pa flaya analemba QuickBooks ndi Sage. QuickBooks yake ndi yakale ya pa desktop, pomwe malo ena pano akugwiritsa ntchito ya pa intaneti, komabe imathandiza, ukadziwa kupanga invoisi, kulowetsa bilu ndi kutulutsa trial balance mu imodzi inayo suvutika kwambiri. Sage ndiye sitinaigwire n'komwe, tinangoionera pa projekita wina akudinadina, nde ine pa CV yanga sindinailembe, ndipo ndikuona kuti pa flaya paja akanangoichotsa. Makompyuta ndi ochepa, mumakhala awiri kapena atatu pa imodzi ndipo amene ali ndi changu ndi amene amagwira mouse, wamanyazi amangoonerera mpaka kalasi kutha. Magetsi akazima jenereta palibe, kalasi imasanduka nkhani basi. Nthawi nayo sasunga, uthenga umabwera m'mawa kuti lero tiyamba 2 koloko osati 9, iwe uli kale mu minibasi kuchokera ku Chirimba kapena ku Bangwe thiransipoti wawononga kale. Zimenezi zinachitika kangapo ndipo kupepesa kwake kunali kwa pa WhatsApp kwa ka emoji kamodzi. Setifiketi yomwe amapereka pamapeto ndi yokongola koma palibe amene anandifunsapo za iyo, musalipire chifukwa cha pepala limenelo.

Nkhani ya konekishoni musaikhulupirire. Pa flaya pali mawu oti amakulumikizitsa ndi olemba ntchito. Zoona zake n'zoti amakuika mu gulupu ya WhatsApp momwe amaponyamo zithunzi za ma vacancy a mu The Nation ndi Daily Times ndi ena otapa pa LinkedIn, zinthu zoti ukhoza kuzipeza wekha uli ndi bandulo. Ubwino wake umodzi ndi woti madam amasefa, akaona advert yokaikitsa, ija yoti tumizani ndalama ya fomu kapena ya medical musanaitanidwe, amachenjeza msanga kuti awa ndi akuba. Koma zoti wina akutengera CV yako pamanja kukaipereka kwa abwana, ine sindinazione, ndipo anzanga a m'kalasi imeneyo sanazionenso.

Tsopano intavyu yoyeserera, apa ndi pomwe ndikupereka ulemu wonse. Amakuuza ubwere utavala ngati tsiku lenileni, amakhala awiri kuseri kwa tebulo, madam ndi bambo wina amene samwetulira, foni yako amaiika pa mpando kuti ikujambule. Poyamba amakupatsa kamayeso ka mphindi zochepa pa pepala, ma journal entry, depreciation, kusiyanitsa accrual ndi prepayment, chifukwa malo ambiri masiku ano amayamba ndi zolemba usanaonane ndi panel. Kenako mafunso. Ndipo funso lija ndimaliopa linabwera lachitatu, bambo aja atagwira transikiripti m'mwamba, akuti tikuona apa zinthu sizinayende bwino, chinachitika n'chani. Ine ndinayamba kufotokoza, za fizi yomwe inkavuta, za kukhala off campus kutali, za maliro a kumudzi, ndinafika mpaka kwa lekichara wina amene ankatida. Atandionetsa vidiyo ija ndinadziona ndikuyankhula nthawi yaitali maso ali pansi, manja akusewera ndi tayi.

Madam sanakane kuti zinthu zimenezo zinachitika. Akuti achimwene, zonsezo zikhoza kukhala zoona koma panel sikufuna kukulirani maliro, ikufuna kudziwa ngati munthu amene analephera uja ndi yemweyo amene wakhala pampandoyu. Nde yankho lake likhale lalifupi, uvomere kuti zaka zoyamba sizinayende, chifukwa chimodzi chokha m'chiganizo chimodzi, osanyoza mphunzitsi kapena sukulu chifukwa amene akukufunsayo mwina anaphunzira komweko, kenako uthamangire ku umboni, onani chaka chomaliza mmene ndinakhozera taxation, onani zomwe ndinapanga ku attachment, ndipo ngati mukufuna ndipatseni sitetimenti ya banki pompano ndikupangireni reconciliation. Anandibwerezetsa mpaka yankho linayamba kutuluka lokha osanjenjemera. Anationjezeranso mafunso ena oti sindinkawaganizira, monga abwana akakuuza kuti ulipire invoisi yopanda zikalata zokwanira upanga bwanji, kapena peti kashi ikaperewera iwe ndi amene umasunga kiyi unena chani, ndi lija la malipiro lomwe ambirife timangoti chilichonse bwana, akuti osayankha choncho, tchula ndalama yanzeru.

Pa nkhani ya umboni yomweyo, madam amakakamira kwambiri zoti munthu wa GPA yotsika ayambe mapepala a professional, ngakhale limodzi lokha, chifukwa ukakhoza pepala la ICAM (bungwe la ma akauntanti la muno m'Malawi) kapena ACCA (la ku UK) utatuluka kale ku koleji ndiye kuti uli ndi zotsatira zatsopano zoti uonetse m'malo mwa zakale zija. Anatifotokozera bwinobwino kusiyana kwake. ACCA ili ndi mapepala 13, kukhoza ndi 50, digiri ya akaunti yovomerezeka ikhoza kukuchotserako ena mpaka 9 kutengera pulogalamu yomwe unaphunzira, koma ma exemption amenewo umalipiranso, ndipo zonse ndi mapaundi, nde ndi mmene forex ikuvutira muno komanso mmene kwacha inagwera mu November 2023 ndi 44% ija, munthu wosagwira ntchito ukhoza kulembetsa n'kukanika kupitiriza. Pamwamba pake kuti ukhale membala pamafunikanso miyezi 36 ya ntchito, chomwe ndi chifukwa china choti u clerk uja usaunyoze. ICAM ndi yathu yomweino, umalipira makwacha, ndipo ma advert ambiri a accounts assistant amatchula dipuloma ya ICAM, ena mpaka pano amalembabe PAEC ngakhale mabungwe akale a za akaunti a PAEC ndi SOCAM anawaphatikiza kalekale kukhala ICAM yomweyi. Iwo amakondera ICAM poyera kwa munthu amene thumba lake ndi lopyapyala. Chomwe ndinakonda n'choti sagulitsa makalasi a mapepala amenewa, amangokuuza kuti kafunseni ku ICAM komweko kapena ku Malawi College of Accountancy, nde sunganene kuti akukukokera ku geni yawo.

Zotsatira zake kwa ine, mafoni anayamba kubwerako, osati ambiri koma kusiyana ndi kale pomwe ngakhale regret sinkabwera. Funso la magiredi linafunsidwadi malo amodzi ndipo ndinayankha mmene tinayeserera muja, malo ena sanaifune n'komwe transikiripti, anangondipatsa laputopu ndi mulu wa ma invoisi kuti tione. Pano ndili pa kakampani kena kogulitsa katundu wa holoselo, accounts assistant, malipiro ake ukachotsa renti ndi minibasi zotsala n'zochititsa manyazi, ndipo Loweruka timagwira mpaka masana. Sindinganene kuti ndi ofesi ija yokha inandipezetsa, chifukwa advert ndinaiona ndekha ndipo kalata ndinakasiya ndekha pa geti, koma mayeso a Excel omwe anandipatsa tsiku limenelo ndikanapanda kudutsa m'manja mwa madam ndikanangoyang'ana sikirini. Mwa anzanga a m'kalasi ija ena anapeza, ena akusakabe, ndipo mmodzi amene anakana zofunsira ntchito zazing'ono akudikirabe ya ku banki, mwina imutulukira, kaya.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu ndi theka. Madam paokha ndi zisanu, CV ya pa desiki yakutsogolo imodzi, makompyuta ndi kasungidwe ka nthawi ziwiri. Ngati muli ndi credit yabwino komanso munagwirapo kale ntchito, sungani ndalama yanu, palibe chachilendo chomwe mukamve. Ngati muli ngati ine, pitani koma musatenge ya CV yokha, ndipo musanatumize ndalama funsitsani kuti amene akhale nanu pansi ndi mwini wakeyo osati wina, chifukwa masiku ena amakhala kulibe ndipo kalasi imatengedwa ndi mnyamata uja. Pa flaya sanalembe koma mnzanga wina anapempha kulipira intavyu yoyeserera ndi kuunika transikiripti zokha ndipo anamulola pa mtengo wotsikirapo, nde yesani kunenerera. Laputopu ngati muli nayo kapena mungabwereke tengani yanu, yodzadza moto, ndipo transikiripti mupite nayo tsiku loyamba lomwelo chifukwa popanda imeneyo madam amakubwezani.